Maswitchi ndi masoketi pafupi ndi sinki ya m'khitchini: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene anthu amabwerezabwereza akamamanga nyumba, akamakonzanso khitchini, kapena akangolowa m'nyumba yalendi n'kupeza soketi itayandikana ndi mpopi. Ngati mwafika pano chifukwa mpopi kapena sinki yanu ikugwira nyesi, pitani kaye pa funso lonena za zimenezo, enawa muwerenga pambuyo.

Kodi n'chifukwa chiyani magetsi amaopsa kwambiri pamalo pamene pali madzi?

Chimene chimatiteteza tsiku ndi tsiku ndi khungu louma. Khungu likakhala louma limatchinga magetsi kuti asalowe ambiri m'thupi. Likanyowa, makamaka ndi madzi a sopo kapena amchere, chitetezo chimenechi chimatsika kwambiri, ndipo thupi lonse limatha kutsala ndi ma ohm pafupifupi 1,000 okha (ohm ndi muyezo wa mmene chinthu chimatchingira magetsi). Pa magetsi a mavoti 230, zimenezi zikutanthauza kuti ma milliamp pafupifupi 230 angadutse m'thupi (milliamp ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa, ndipo ma milliamp 1,000 amapanga amp imodzi). M'mayiko amene amagwiritsa ntchito mavoti 120, monga America, angadutse ma milliamp pafupifupi 120.

Kuti manambalawa amveke bwino: pa milliamp imodzi munthu amangomva kunyerenyesa. Pa ma milliamp pafupifupi 10 minofu ya m'manja imakungika, ndipo munthu amalephera kusiya chimene wagwira ngakhale akufuna. Kupitirira ma milliamp 30, magetsiwo akapitiriza kudutsa, mtima ungasokonezeke kagundidwe kake mpaka kusiya kupopa magazi.

Pasinki zinthu zonse zoipa zimakumana malo amodzi. Manja ndi onyowa, pansi nthawi zambiri m'ponyowa, ndipo mpopi ndi sinki yachitsulo zimapatsa magetsi njira yosavuta yopitira m'nthaka. Munthu akagwira chipangizo chowonongeka ndi dzanja limodzi, lina lili pampopi, magetsi amadutsa pachifuwa, pamene pali mtima.

Ndiye kodi n'koletsedwa kuika soketi kapena switchi pafupi ndi sinki?

Ayi. Khitchini singagwire ntchito popanda masoketi, ndipo ambiri amakhala pakhoma lomwelo pamene pali sinki. Chofunika n'chakuti soketiyo ikhale pamalo pamene madzi safikapo, ndiponso kuti ikhale yotetezedwa ndi RCD, kachipangizo kamene kamadula magetsi akayamba kuthawira kwina. Pa ziwirizi, chachiwiri ndicho chimapulumutsa moyo zinthu zikalakwika.

Soketi italikirane bwanji ndi sinki?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho mmisiri wa zamagetsi wovomerezeka ndiye angakuuzeni zimene zimatsatidwa kwanu. Ku Britain, malamulo a mawaya otchedwa BS 7671 sapereka nambala yeniyeni ya khitchini, amangonena kuti chipangizo chilichonse chikhale choyenera malo amene chaikidwa. Koma malangizo amene amisiri kumeneko amatsatira ndi akuti soketi kapena switchi ikhale masentimita osachepera 30 kuchokera m'mphepete mwa sinki, poyeza chopingasa. Ku America anatenga njira ina: malamulo awo, National Electrical Code, amalimbikira zoti masoketi onse a pathebulo la m'khitchini, komanso soketi iliyonse imene ili mkati mwa mamita 1.8 kuchokera pasinki, ikhale ndi chitetezo cha GFCI, dzina limene amatchulira RCD kumeneko.

Poyeza masentimita 30 aja, musayambire pampopi. Yambirani pamene sinki yathera, kuphatikizapo mbali ija yoikapo mbale kuti zidonthe madzi, chifukwa pamenepo m'pamene pamakhala ponyowa nthawi yaitali kuposa m'sinki momwe. Ndipo masentimita 30 ndi poyambira chabe. Aliyense amene anatsukapo mphika waukulu pampopi wothamanga akudziwa kuti madzi amawazika kupitirira pamenepo. Ngati khoma lili ndi malo, kankhirani soketiyo patali ndithu. Palibe amene anadandaulapo kuti soketi yake yatalikira sinki ndi theka la mita.

Malo amene simuyenera kuvomera n'komwe ndi awa: kuseri kwenikweni kwa mpopi, pamwamba pa sinki pamene munthu angafunike kutambasula dzanja modutsa madzi kuti azimitse, ndiponso soketi wamba yogoneka chagada pathebulo, pamene madzi otayika amangolowa m'mabowo. Pamwamba pa stovu pasakhalenso soketi kapena switchi, chifukwa kutentha ndi nthunzi zimaononga pulasitiki, ndipo moto ukabuka simungafikire kuti muzimitse.

Kodi switchi ya nyali ndi yoopsa ngati soketi?

Ndi yochepako ngozi, popeza ilibe mabowo otseguka, koma mkati mwake muli waya wamoyo, ndiye kuti wobweretsa magetsi, ngati wa m'soketi. Madzi a m'zala amatha kulowa m'mphepete mwa kabatani kaja. Switchi yokhala ndi chivundikiro chachitsulo imafunika waya wa earth, wopititsa magetsi othawa m'nthaka, wolumikizidwa bwino, apo ayi waya ukamasuka mkati, chivundikiro chonse chimakhala ndi magetsi. Mtunda umene tatchula pamwambapa ukhudzanso maswitchi. Ndipo kupukuta manja musanayatse nyali ndi chizolowezi chofunika kuchiphunzitsa aliyense wa m'nyumbamo, ana omwe.

RCD ndi chiyani, ndipo imagwira ntchito bwanji?

Ndi kachipangizo kamene kamayerekezera magetsi amene akupita pa waya wamoyo ndi amene akubwerera pa waya wa neutral. Zonse zikakhala bwino, opita ndi obwerera amafanana. Akasiyana, ndiye kuti ena akuthawira kwina, mwina kudzera m'madzi, m'chitsulo cha chipangizo, kapena m'thupi la munthu. RCD ikaona kusiyanako imadula magetsi nthawi yomweyo.

RCD yotetezera anthu m'nyumba imakhala ya ma milliamp 30, ndipo nambalayi imalembedwa pamwamba pake kuti 30 mA kapena 0.03 A. Iyenera kudula magetsi pasanathe masekondi 0.3, ndipo magetsi othawawo akachuluka kasanu, imadula pasanathe masekondi 0.04. Ku America ndi ku Canada amaitcha GFCI, ndipo yawo imadula pa ma milliamp 4 mpaka 6. Kumalo ena amisiri amangoti earth leakage. Mukaona yolembedwa 100 mA kapena 300 mA, dziwani kuti imeneyo ntchito yake yaikulu ndi kuteteza ku moto, siyokwanira kuteteza munthu.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Henri Rubin anapanga chipangizo chotere ku South Africa m'zaka za m'ma 1950 pofuna kuteteza anthu ogwira ntchito m'migodi ya golide, ndipo Charles Dalziel wa ku University of California, Berkeley, amene anafufuza kwambiri mmene magetsi amavulazira thupi, anapanga GFCI mu 1961. N'zomvetsa chisoni kuti patapita zaka zonsezi, nyumba zambiri zakale zikugwirabe ntchito popanda chitetezo chimenechi.

RCD ili ndi malire ake. Siiletsa kuti musamve nyesi, imangofupikitsa nthawi kuti nyesiyo isafike pokuphani. Komanso munthu akagwira waya wamoyo ndi wa neutral nthawi imodzi, magetsi osathawira pansi, RCD imaona ngati munthuyo ndi chipangizo chimene chayatsidwa, ndipo siidula.

M'nyumba mwanga muli kale fyuzi ndi ma breaker. Kodi zimenezo sizokwanira?

Sizokwanira. Fyuzi ndi breaker zinapangidwa kuti ziteteze mawaya kuti asatenthe n'kuyambitsa moto. Fyuzi ya m'pulagi ya ma amp 13 imalola ma milliamp 13,000 kudutsa osapsa. Breaker ya masoketi ya ma amp 20 kapena 32 imalola ochulukirapo. Pamwambapa taona kuti ma milliamp ongopitirira 30 angaimitse mtima. Choncho munthu akhoza kugwidwa nyesi mpaka kufa, fyuzi ili bwinobwino, breaker osagwa.

Pali mtundu wina wotchedwa RCBO umene umachita ntchito ziwiri zonse, ya breaker ndi ya RCD. Ubwino wake ndi wakuti vuto likachitika m'khitchini, magetsi amazima m'khitchini mokha, nyumba yonse osalowa mumdima.

Ndingadziwe bwanji kuti ndili ndi RCD, komanso kuti ikugwira ntchito?

Tsegulani chitseko cha bokosi la ma breaker, osamasula sikuluwu iliyonse, ndipo yang'anani chipangizo chimene chili ndi batani lolembedwa T kapena Test. Breaker wamba ilibe batani limeneli. Nthawi zina RCD imakhala m'soketi momwemo, ndipo soketi yotere ili ndi mabatani awiri, Test ndi Reset.

Dinani batani la Test magetsi ali oyaka. Ayenera kuzima pompo. Pitani m'khitchini mukaone ngati masoketi a pafupi ndi sinki azimadi, chifukwa m'nyumba zina RCD imateteza mbali imodzi yokha. Kenako kwezani kachiwongolero kaja kuti magetsi abwerere. Ngati mwadina koma palibe chimene chachitika, RCD yafa ndipo ifunika kusinthidwa. Malangizo a ku Britain masiku ano amati muziyesa pa miyezi 6 iliyonse, pamene opanga ma GFCI amati mwezi uliwonse. Chifukwa choyesera n'chakuti tizitsulo ta mkati timatha kuuma n'kukanirira ngati tatha zaka osasuntha.

Nanga waya wa earth ndi wa chiyani, ngati chipangizo chimayaka popanda iye?

Ndiye vuto lake limenelo: chipangizo chimayaka bwinobwino ngakhale earth palibe, choncho anthu sazindikira kuti palibe mpaka tsiku la ngozi. Wayayu, amene nthawi zambiri amakhala wa mizere yobiriwira ndi yachikasu, amalumikiza chitsulo chakunja cha ketulo, firiji, mayikulowevu kapena makina ochapira ndi nthaka. Waya wamoyo ukakhudza chitsulocho mkati, magetsi amathamangira mu earth ndipo fyuzi, breaker kapena RCD imadula musanagwire n'komwe. Earth akaduka, chitsulocho chimangokhala ndi magetsi n'kumadikira dzanja la munthu.

N'chifukwa chake simuyenera kuthyola mwendo wa earth pa pulagi, kugwiritsa ntchito adaputa ya miyendo iwiri pa chipangizo cha miyendo itatu, kapena kulowetsa mawaya osenda m'soketi popanda pulagi. Zipangizo zimene zili ndi chizindikiro cha kabokosi mkati mwa kabokosi kena zinakutidwa kawiri, ndipo zimenezo sizifuna earth.

Kodi soketi ingakhale m'kabati ya pansi pa sinki?

Imapezekamo kawirikawiri, ya makina otsukira mbale kapena ochapira, ndipo malamulo ambiri saletsa. Koma pansi pa sinki m'pamene mapaipi amadontha mwakachetechete kwa miyezi munthu osadziwa. Ngati n'kotheka, soketiyo ikhale m'kabati yoyandikana nayo. Ikakhala pansi pa sinki penipeni, ikhomedwe m'mwamba pakhoma, kumbali, osati pansi pa malo olumikizira mapaipi, ndipo isangogona pansi. Chingwe chitsike kaye pang'ono kenako n'kukwera kulowa m'soketi, kuti madzi oyenderera pachingwe adonthere pansi. Pakhalenso njira yozimitsira makinawo popanda kuwakoka kapena kutulutsa katundu yense m'kabati.

Madzi alowa m'soketi. Ndichite chiyani?

Musagwire soketiyo, ngakhale switchi yake, ndipo musazule pulagi. Pukutani manja, imani pouma, pitani pabokosi la ma breaker mukazimitse mbali ya khitchini, kapena nyumba yonse ngati simukudziwa breaker yake. Mukatero zulani mapulagi ndi kupukuta kunja.

Ngati anali madontho ochepa a madzi oyera, isiyeni iume kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira musanayatsenso. Ngati madzi anali ambiri, a sopo, amafuta kapena amchere, kapena munamva kuthetheka, itanani mmisiri aitsegule. Madzi otere akauma amasiya zotsalira zimene zimapitiriza kudutsitsa magetsi pang'onopang'ono ndi kudya zitsulo za mkati. Soketi imene inamira m'madzi osefukira ndi yofunika kuisintha basi.

Ndikagwira mpopi kapena sinki ndimamva kanyesi pang'ono. Kodi ndi vuto lalikulu?

Inde, ndipo funso limeneli ndi limene limatidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa anthu ambiri amazolowera. Ena amayamba kutsegula mpopi ndi kansalu, ena amavala nsapato zalabala akamatsuka mbale, n'kumati vuto latha. Silinathe. Kanyesi kameneko kakutanthauza kuti chitsulo chimene sichiyenera kukhala ndi magetsi chili nawo, ndipo kuchepa kwake lero kungakhale chifukwa chakuti pansi m'pouma kapena mwavala nsapato. Mawa mwana akagwira mpopi womwewo opanda nsapato pansi ponyowa, magetsi odutsa adzakhala ochuluka.

Zimene zimayambitsa ndi zingapo. Giza imene chotenthetsera chake chabooka imatumiza magetsi m'mapaipi. Makina ochapira kapena otsukira mbale opanda earth amachitanso chimodzimodzi. Waya wa m'khoma umene unaboolidwa ndi msomali kapena sikuluwu ungakhudze paipi. Nthawi zina vuto silili m'nyumba mwanu n'komwe: waya wa neutral wochokera kwa ogulitsa magetsi ukaduka kapena kumasuka, zitsulo zonse zolumikizidwa ku earth zimatha kukhala ndi magetsi. Chizindikiro chake china ndi nyali zimene zikuwala mopitirira kapena kuzilala zokha mukayatsa chipangizo chachikulu.

Lekani kugwiritsa ntchito sinkiyo, chenjezani onse a m'nyumba, zimitsani switchi yaikulu, ndipo itanani mmisiri tsiku lomwelo. Ngati mmisiri apeza kuti magetsi akadalipo pachitsulocho switchi yaikulu ili yozima, vuto likuchokera kunja, ndipo muyenera kudziwitsa kampani yogulitsa magetsi mwamsanga. Musayese ndi dzanja kuti muone ngati yasiya. Mmisiri ali ndi chipangizo choyezera.

Kuthetheka kamodzi kokha kumene mumamva mukagwira chitsulo nyengo youma mutayenda pakapeti n'kosiyana ndi zimenezi. Kumeneko kumatha pompo. Koopsa ndi kunyerenyesa kumene kumapitirira nthawi yonse imene dzanja lili pachitsulo.

Kodi sinki yachitsulo iyenera kulumikizidwa ku earth?

Zimadalira malamulo a dziko ndi mmene nyumbayo inalumikizidwira. Kale ku Britain amisiri ankakonda kumangirira waya wa earth pasinki iliyonse, koma BS 7671 siilamula zimenezi pa sinki ya m'khitchini. Chimene chimafunika ndi kulumikiza mapaipi achitsulo ochokera pansi panthaka, a madzi ndi a gasi, pamene akulowera m'nyumba. Mukapeza waya wotere pasinki kapena papaipi, musauchotse, ndipo pulambala akasintha mbali ya paipi yachitsulo n'kuikapo yapulasitiki, mmisiri wa zamagetsi aonenso ngati kulumikizako kukadalipo.

Kodi soketi yokhala ndi chivundikiro choteteza madzi ingathetse vutoli?

Imathandiza pamene khitchini ndi yopanikiza ndipo palibe kosunthira soketi. Yang'anani zilembo IP zotsatiridwa ndi manambala awiri. Yoyamba imanena za fumbi ndi zinthu zolimba, yachiwiri za madzi. IP44 imapirira madzi owazika, IP66 imapirira madzi opopedwa mwamphamvu. Koma masoketi ena amateteza pokhapokha chivundikiro chili chotseka popanda pulagi, choncho sankhani imene imatsekeka pulagi ili momwemo. Chivundikiro sichilowa m'malo mwa RCD.

Masoketi ndi ochepa. Ndingagwiritse ntchito ekisitenshoni?

Pathebulo la pafupi ndi sinki, ayi. Ekisitenshoni imagona chagada, mabowo ali m'mwamba, pamalo pomwe madzi amatayikira, ndipo ikhoza kukokedwa n'kugwera m'sinki.

Palinso nkhani ya kulemera kwa katundu. Ekisitenshoni ya ma amp 13 pa mavoti 230 imanyamula mawati pafupifupi 3,000, ndipo zambiri zotchipa sizifika n'komwe pamenepo. Ketulo yokha imadya mawati 2,000 mpaka 3,000. Mukawonjezerapo tosita kapena mayikulowevu, mwapitirira kale. Zipangizo zonse zotenthetsa zizilowa m'soketi ya pakhoma mwachindunji. Njira yokhalitsa ndi kuitana mmisiri awonjezere masoketi pamalo oyenera. Muonenso kutalika kwa zingwe: ketulo kapena chaja ya foni zikhale poti ngakhale zitagwa, sizingafike m'madzi.

Ndi zizindikiro ziti zimene zimaonetsa kuti soketi kapena switchi yaonongeka?

Kudera kapena kusanduka yabulauni m'mphepete mwa mabowo, kutentha mukaigwira, fungo la pulasitiki yopsa kapena fungo longa la nsomba, kulira kwa zzz, ming'alu, kugwedera pakhoma, ndi pulagi imene imakhwepa m'malo mogwira zolimba. Kaphaliphali kakang'ono mkati mwa switchi pozimitsa ketulo kamachitika, koma kuthetheka kwakukulu kapena kobwerezabwereza ndi chizindikiro cha waya womasuka. Chilichonse mwa izi chikaoneka, siyani kuigwiritsa ntchito mpaka isinthidwe.

RCD yanga imangogwa pafupipafupi. Ndingoichotsa?

Musaichotse ndipo musalole wina kuilambalala ndi waya. Nthawi zambiri ikunena zoona. Zulani mapulagi onse a m'khitchini, osangozimitsa maswitchi ake, kwezani RCD, kenako bwezerani chimodzichimodzi mpaka mupeze chimene chikuigwetsa. Kawirikawiri chimakhala chipangizo chotenthetsa madzi kapena uvuni, chifukwa chotenthetsera chikakalamba chimalowa chinyezi. Ikagwa ngakhale zonse zili zozula, vuto lili m'mawaya, mwina madzi alowa penapake, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Kodi ndingasunthe ndekha soketi imene yayandikira kwambiri sinki?

Sitikulimbikitsa. Kulumikiza mawaya atatu kumaoneka kosavuta, koma ntchito yeniyeni ndi kuyeza pambuyo pake: kuona kuti earth akufika, kuti waya wamoyo ndi wa neutral sanasinthanitsidwe, ndi kuti RCD ikudula m'nthawi yake. Zimenezi zimafuna zipangizo zoyezera, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limafuna munthu wa chiphaso. Ngati nyumba ndi yalendi, dziwitsani eni ake polemba, mujambule chithunzi, ndipo podikira musagwiritse ntchito soketiyo, kapena gulani adaputa yokhala ndi RCD ya 30 mA yolowetsa pakati pa soketi ndi pulagi.

Ngakhale pa ntchito zazing'ono monga kukhoma shelefu kapena chopachikira ziwiya, kumbukirani kuti mawaya a m'khoma kawirikawiri amayenda molunjika kuchokera pa soketi kapena switchi, chokwera, chotsika kapena chopingasa. Musaboole khoma m'mizere imeneyo.

Munthu wagwidwa nyesi pasinki. Ndimuthandize bwanji?

Musamugwire akadakhudzana ndi magetsi, chifukwa nanunso mugwidwa. Zimitsani switchi yaikulu. Ngati ili kutali, imani pouma ndi kukankha chipangizocho kapena dzanja lake ndi chinthu chouma cha mtengo kapena pulasitiki, monga mpini wa tsache. Mpini wonyowa wa chokolopera kapena chiwiya chachitsulo musagwiritse ntchito.

Magetsi akaduka, itanani thandizo la achipatala ndipo onani ngati akupuma. Ngati sakupuma bwino, mugonekeni chagada pamalo olimba ndi kuyamba kudina pakati pa chifuwa mwamphamvu, masentimita 5 mpaka 6 kulowa mkati, ka 100 mpaka 120 pa mphindi, osaleka mpaka thandizo lifike. Ngati akupuma koma wakomoka, mugonekeni chammbali. Ngakhale atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala, makamaka ngati anakomoka, wapsa, akumva kupweteka pachifuwa, mtima ukugunda mosalongosoka, ndi mwana, kapena ndi mayi woyembekezera. Magetsi amawotcha mkati mwa thupi pamene kunja pakuoneka kabala kakang'ono.

Nanga soketi ikayaka moto?

Mpopi uli pafupi ndipo dzanja limathamangira kumadzi, koma musathire madzi magetsi akadali oyaka. Zimitsani switchi yaikulu kaye, kenako gwiritsani ntchito chozimira moto cha mpweya wa CO2 kapena cha ufa wouma. Moto ukagwira kabati kapena denga, kapena utsi ukachuluka, tulutsani anthu onse, tsekani chitseko cha khitchini, ndipo imbirani ozimitsa moto muli panja. Ngakhale utazima msanga, breaker ya mbali imeneyo ikhale yozima mpaka mmisiri aone mawaya a m'khoma.